Chofunda cha zigamba: poyambira kwa amene sanasokepo

Chisanu cha Juni ndi Julaye muno mu Harare sichiona nkhope. Mzinda uno uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndiye mbandakucha kamphepo kamalowera pansi pa chitseko n'kukampeza mwana pomwe wagona. Ndi nyengo imeneyi pomwe amayi anzanga a kutchalitchi kwathu ku Highfield amayamba kundifunsa za chofunda cha zigamba chomwe mdzukulu wanga amafunda, chija m'Chingerezi amati quilt. Funso loyamba silisintha: "Nanga mayi, tikagule chiyani m'tauni?" Ine ndimawauza kuti asakwere kombi kaye. Ayambe atsegula sutikesi ija ili pansi pa bedi.

Chofunda chimenechi chili ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Pamwamba pali zigamba zolumikizidwa, pakati pali chofunditsa chimene chimasunga kutentha, pansi pali nsalu imodzi yaikulu. Ulusi wodutsa zonse zitatu ndi umene umazigwira kuti zikhale chinthu chimodzi. Kusoka chofunda ndi zovala zakutha si umphawi ayi. Amayi a ku Bengal, m'dziko la India ndi Bangladesh, amasanjikiza nsalu zawo zakale n'kuzisoka ndi msoko wamba wongolowa ndi kutuluka, amati kantha. Amayi akuda a ku Gee's Bend, ku Alabama m'dziko la America, ankasoka ndi zovala zakumunda zothaitha, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinapachikidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ku Houston. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choyamba chanu chikhale chaching'ono: masentimita 90 m'lifupi, 120 m'litali, chokwana mwana woyenda kale kapena kufunditsa miyendo madzulo. Zigamba zake zikhale zambali zinayi zofanana, basi. Ndaona ambiri akuyamba ndi cha bedi lalikulu, cha nyenyezi ndi zokhotakhota, n'kuchisiya m'kabati zaka zitatu chisanafike ndi pakati pomwe. Palinso luso lina lokongola kwambiri lodula tizithunzi ta nsalu n'kutisokerera pamwamba pa nsalu ina, lomwe amayi a ku Weya, m'chigawo cha Manicaland, anatchuka nalo pofotokoza moyo wa kumudzi. Mudzalifika, koma dzanja liyambe lazolowera msoko wowongoka.

Nsalu

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo.

Funani nsalu ya thonje yolukidwa, yosatamuka mukaikoka: malaya aamuna, madiresi a ana, nsalu zoyala pabedi, zitenje zomwe kuno anzathu amati zambia. Zotsala kwa telala nazo ndi chuma, ndipo matelala ambiri amakupatsani thumba lonse mukawapempha mwaulemu. Ngati m'nyumba mulibe zokwanira, ku Mbare, mbali za msika wa Mupedzanhamo, kaunjika amene kuno amati mabhero amakhala ndi malaya aamuna akuluakulu. Sankhani okula kwambiri. Kolala yakutha isakudetseni nkhawa, inu mukufuna kumsana kwake, komwe kumatuluka zigamba pafupifupi 20. Malaya asanu ndi limodzi akwanira chofunda chonse.

Masikipa, majuzi ndi nsalu zoterera za zovala zaukwati zisiyeni. Jini ndi yolimba, koma musaiphatikize ndi nsalu ya malaya, chifukwa yolemera imakoka yopepuka mpaka kuing'amba pa msoko. Zonse zikhale zolemera mofanana.

Mukakayika ngati nsalu ndi ya thonje, dulani kachidutswa ngati chikhadabo, kagwireni ndi supuni ziwiri kapena pulayazi, muyatse ndi machesi panja pafupi ndi madzi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, ndipo phulusa lake ndi lotuwa, lonyenyeka mukalikhudza. Poliyesitala imakwinyika kuthawa moto, imasungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Zitenje zambiri zotsika mtengo masiku ano ndi za poliyesitala ngakhale zimaoneka ngati thonje. Zimasokeka ndithu, koma zimaterera pansi pa singano ndipo simbi yotentha imazipsereza. Pa chofunda choyamba, thonje ndi limene limamvera.

Mukasankha, chapani zonse musanadule, zatsopano ndi zakale zomwe. Thonje latsopano limafupika likalowa m'madzi koyamba, ndiye mukasoka losachapa pamodzi ndi lochapidwa kale, chofunda chimadzakwinyika malo ena tsiku lochapa. Chachiwiri ndi utoto. Chofunda changa choyamba ndinaikamo chitenje chofiira chatsopano pakati pa zigamba zoyera za malaya a malemu bambo anga. Nditachichapa, zoyera zonse zinasanduka zofiirira, ndipo mtima unandiwawa chifukwa malaya amenewo sindikanawapezanso kwina. Kuyambira pamenepo nsalu iliyonse yofiira, yobiriwira kwambiri kapena yabuluu wakuda ndimainyika payokha m'beseni loyera la madzi ofunda kwa theka la ola. Madzi akasintha mtundu, ndimataya n'kuthira ena, mpaka atatuluka oyera. Kenako ndimaifinya, n'kuikulunga ndi kansalu koyera. Kansaluko kakadetsedwa ngakhale pambuyo pochapa katatu, nsaluyo sindiilowetsa m'chofunda. Ena amati mchere umagwira utoto. Ine ndayesa, sindinaone phindu lake.

Gawani nsalu zanu milu iwiri, zowala ndi zakuda. Maso amanyengeka ndi maluwa a pa nsalu, choncho jambulani miluyo ndi foni, chithunzicho muchisinthe kuti chikhale chakuda ndi choyera. Nsalu imene mumaiyesa yowala mwina mupeza kuti ili m'gulu la zakuda. Kukongola kwa chofunda kumachokera pa kusiyana kumeneku kuposa pa mitundu.

Zida

Zomwe simungachite popanda izo ndi izi: sizasi yakuthwa imene ana sadulira mapepala a kusukulu, tepi yoyezera, rula, pensulo ndi choko, mapini, singano, ulusi, simbi, ndi kachisoti kachitsulo kovala kunsonga kwa chala chapakati pokankha singano. Ulusi ukhale wotuwa kapena wa mtundu wa mchenga, chifukwa umabisala pa nsalu zowala ndi zakuda zomwe. Uyeseni poukoka: ukaduka mosavuta, ndi wakale, usiyeni.

Makina osokera alionse osoka msoko wowongoka akwana. Singer yakale yopalasa ndi mapazi kapena yopukusa ndi dzanja imagwira ntchito imeneyi bwino lomwe, ndipo magetsi akathima inu simuima. Ikanimo singano yatsopano ya nambala 80/12 polumikiza zigamba, ndi 90/14 posoka nsalu zitatu pamodzi. Ngati mulibe makina, manja akwanira, kungoti muchedwerapo.

Mukaonera mavidiyo pa YouTube mudzaona kampeni kozungulira ngati gudumu, rotary cutter, komwe kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979. N'kabwino zedi, kamadula nsalu zinayi nthawi imodzi mowongoka. Koma sikayenda kokha. Kamafuna mphasa yake yapadera yodulirapo ndi rula yokhuthala yoonekera mkati, ndiye ndi zinthu zitatu zogula nthawi imodzi, kuwonjezapo malezala ake osinthira. Malizani zofunda ziwiri kaye. Mukaona kuti ntchitoyi yakulowani m'magazi, gulani ka mamilimita 45, ndipo muzikatseka nthawi iliyonse mukakaika pansi, chifukwa n'kakuthwa ngati lezala.

Kudula

Chigamba chilichonse chikasokedwa chizioneka masentimita 10 mbali zonse. Msoko umadya masentimita 0.75 mbali iliyonse, choncho muzidula masentimita 11.5. Mabuku ndi mavidiyo a ku America amanena za kota ya inchi, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 6. Njira zonse ziwiri n'zabwino, koma sankhani imodzi musaziphatikize.

Pangani chodulira, chinthu chophwatalala choika pa nsalu n'kujambula mochizungulira, cha masentimita 11.5 mbali zonse zinayi. Katoni imadyeka m'mphepete pensulo ikadutsapo kambirimbiri, ndiye chivindikiro chapulasitiki chophwatalala ndi chabwino koposa. Kuti mudziwe ngati ngodya zake zili bwino, yezani kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Ponse pawiri pakhale pafupifupi masentimita 16.3. Pakasiyana, pangani china.

Sitani nsalu, muiyale chakumbuyo kwake kuli pamwamba, muike chodulira motsatira mmene ulusi wa nsaluyo wayendera. Mukachiika chopingasa, chigamba chimatamuka posoka ndipo sichibwereranso. Jambulani ndi pensulo yosongoka, mudule pa mzere penipeni. Mphepete yolimba ya chitenje, ija pamalembedwa dzina la fakitale, muichotse. Mukufuna zigamba 108: zowala 54, zakuda 54. Dulani zina zinayi kapena zisanu zapadera zoyeserera.

Kulumikiza

Yalani zigamba zonse pansi, pa nsalu yoyera: mizere 12, mzere uliwonse zigamba 9, chowala kenako chakuda, monga bolodi la drafuti. Imani patali muone. Sinthani zomwe zaunjikana mtundu umodzi malo amodzi. Mukakhutira, jambulani ndi foni, chifukwa mwana kapena mphepo ikhoza kusokoneza. Sonkhanitsani mzere uliwonse pa mulu wake, n'kubayapo kapepala ka nambala yake.

Musanasoke chigamba chenicheni, yesani msoko wanu. Yezani masentimita 0.75 kuchokera pa singano ya makina kupita kumanja, mumatepo tepi yomatira yotalika ngati chala. Mphepete ya nsalu izitsata tepiyo, ndipo maso anu akhale pa tepi, osati pa singano. Lumikizani zigamba zitatu zoyeserera, musite, muyeze. Zonse pamodzi zikhale masentimita 31.5, ndipo chapakati chikhale 10 ndendende. Zikapanda kutero, sunthani tepi muyesenso. Anthu ambiri amadumpha pamenepa poona ngati n'kutaya nthawi, koma taonani: mzere umodzi uli ndi misoko 8, ndipo msoko uliwonse umadya mbali ziwiri. Mukapitirira ndi mamilimita 2 okha pa msoko uliwonse, mzerewo ufupika ndi masentimita opitirira 3. Mzere woyandikana nawo ukakhala wolondola, ngodya sizikumana, ndipo palibe simbi kapena kukoka kumene kungakonze zimenezo. Chofunda chabwino chimachokera pa kudula kofanana ndi msoko wofanana. Zida zokwera mtengo sizingalowe m'malo mwa ziwirizi.

Ikani zigamba ziwiri maso ndi maso, kumaso kwa china kukhudze kumaso kwa chinzake. Msoko wa makina ukhale waufupi, wa mamilimita 2. Mukamaliza ziwiri zoyamba musadule ulusi, ingolowetsani ziwiri zotsatira, zizituluka kumbuyo zitalumikizana ngati nsomba pa chingwe, mudzadule pomaliza. Ulusi umapulumuka, nthawi nayo. Kenako lumikizani ziwiriziwirizo mpaka mzere wonse wa zigamba 9 utakwana.

Osoka pamanja ajambule mzere wa msoko ndi pensulo kumbuyo kwa chigamba chilichonse. Ulusi usatalike kuposa kuchokera kunsonga ya chala kufika pa chigongono, apo ayi umapotana. Sokani timisoko tating'ono tolowa ndi kutuluka, ndipo pakatha tinayi kapena tisanu bwererani kamodzi m'mbuyo kuti msoko ulimbe.

Tsopano kusita, komwe ndi theka la ntchito yonse. Simbi musaiyendetse uku ndi uku ngati mukusita thalauza, chifukwa zigamba zimatamuka. Muziitsitsa, kudikira pang'ono, kuinyamula, n'kuitsitsa potsatira. Mzere woyamba gonekani misoko yonse kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja, choncho mpaka wa 12. Phindu lake muliona polumikiza mizere. Ikani mzere woyamba ndi wachiwiri maso ndi maso, mugwire pokumana misoko pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, muzitsetsereza pang'onopang'ono. Mumva timapiri tiwiri ta misokoyo tikugundana n'kukhazikika, kena mbali iyi kena mbali iyo, popanda mpata pakati. Pomwepo bayani pini. Chitani chimodzimodzi pa misoko yonse 8 musanasoke. Mukatembenuza, ngodya zinayi zimakhala zakumana pamalo amodzi ngati mtanda, ndipo tsiku loyamba kuona zimenezi mtima umadumpha.

Ena amafunsa za masiku amene magetsi kulibe. Ine ndimadula ndi kusoka usana, n'kusunga zosita zonse kuti ndidzasite akayaka. Simbi yamakala imagwiranso bwino ntchito, bola muike kansalu koyera pakati kuti phulusa lisadetse zigamba zowala.

Lumikizani mizere iwiriiwiri, kenako inayiinayi, mpaka chonse chikhale chimodzi. Kutero n'kopepuka kusiyana ndi kumangowonjezera mzere umodziumodzi pa chinsalu chomwe chikulemererabe.

Chapakati ndi nsalu yapansi

M'masitolo a nsalu m'tauni amagulitsa chofunditsa chapakati pa mita, amati wadding kapena batting. Sankhani chopyapyala. Chokhuthala chimaoneka chofunda m'sitolo, koma chimavuta kulowa pansi pa phazi la makina ndipo singano yamanja imavutika kuchiboola. Bulangete lakale lopyapyala, lochapidwa bwino, limagwira ntchito yomweyo popanda ndalama, ndipo silisuntha n'kuunjikana pakona pochapa. Pa nsalu yapansi, chitenje chimodzi chathunthu chikwanira. Zonse ziwiri zipose nsalu ya zigamba ndi masentimita 5 mbali iliyonse, chifukwa posoka zimakokeka kulowa mkati.

Kolopani pansi, pakauma yalani nsalu yapansi chakumaso kwake kuli pansi. Ikokeni pang'ono kuti makwinya achoke koma isatamuke, muimate m'mphepete ndi tepi. Pamwamba pake yalani chapakati, kenako zigamba chakumaso kuli pamwamba, mukusalaza ndi zikhatho kuchokera pakati kupita kunja. Pano itanani mnzanu, mutu umodzi susenza denga. Bayani mapini otseka, aja timamangira matewera, kuyambira pakati, motalikirana ngati chikhatho chimodzi. Mapini akachepa, gwirizitsani ndi misoko italiitali ya ulusi wa mtundu woonekera, yomwe mudzasolola pomaliza. Mukatha, tembenuzani muone kunsi. Khwinya lililonse limene mwalisiya pano lidzasokerezedwa momwemo.

Kusoka zitatu pamodzi

Njira zilipo zitatu, ndipo kusankha kwake kumadalira zomwe muli nazo ndi nthawi yanu.

Yofulumira ndi kumanga mfundo. Tengani ulusi wokhuthala wolukira madoilo ndi singano ya diso lalikulu. Pa mphambano iliyonse pomwe zigamba zinayi zakumana, lowetsani singano mpaka kunsi, muitulutse pafupi pomwepo, mubwerezenso kachiwiri, mumange mfundo yolimba kawiri, n'kudula kusiya timichira ta masentimita 2. Madzulo awiri mwamaliza. Ngati mwaika bulangete pakati, njira iyi ndi imene ndingakulimbikitseni. Musasokererepo mabatani kapena mikanda pa chofunda cha mwana, angameze. Komanso khanda losakwana chaka musaligoneke litafunda chofunda chotere, chikhoza kuliphimba kumaso. Liyalireni pansi lizisewerapo inu mukuona.

Yachiwiri ndi kusoka pamanja, yomwe ine ndimaikonda koposa ngakhale imatenga masabata. Jambulani ndi choko mizere yodutsa zigamba kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya. Mangani kamfundo kakang'ono, mulowetse singano m'nsalu yapamwamba yokha chapatali pang'ono ndi poyambira, muitulutse poyambirapo, n'kukoka ulusi mwamphamvu pang'ono mpaka mumve kamfundo kakuti thi, kulowa n'kubisala mkati. Dzanja lina likhale kunsi kuti lizimva nsonga ya singano ikaboola, apo mudziwa kuti mwagwira nsalu zonse zitatu. Akatswiri amagwiritsa ntchito tisingano tatifupi totchedwa betweens, ta nambala 8 kapena 9 kwa oyamba. Musalimbane ndi kuchepetsa misoko. Ikhale yofanana kutalika, ngakhale itakhala ya theka la sentimita. Misoko ikuluikulu ya ulusi wokhuthala woyera pa chitenje chakuda imakongola mwa iyo yokha.

Yachitatu ndi ya makina. Vuto lake n'lakuti mano a makina amakoka nsalu yapansi pomwe phazi likukankha yapamwamba, ndiye makwinya amabadwa. Pali phazi lapadera, walking foot, lomwe limayendetsa zonse pamodzi, ndipo ngati pali chida chimodzi choyenera kusungira ndalama ndi chimenechi, koma tengani dzina ndi nambala ya makina anu pokagula chifukwa si lililonse limalowa paliponse. Popanda phazi limeneli, talikitsani msoko ufike mamilimita 3, masulani pang'ono sikuluwu ya pamwamba pa makina imene imapanikiza phazi, onjezani mapini, ndipo muziyenda pang'onopang'ono manja onse awiri atayala nsalu mbali ndi mbali ya singano. Kulemera kwa chofunda kukhale pa tebulo, kusalendewere pansi.

Njira iliyonse mwa zitatuzi, yambirani pakati kupita kunja, ndipo pasakhale malo okula kuposa chikhatho osasokedwa.

Mpendero

Chophweka ndi kupindira nsalu yapansi pamwamba. Dulani chapakati chilingane ndi zigamba, mosamala kuti sizasi isagwire nsalu yapansi. Nsalu yapansiyo isiyeni itapitirira ndi masentimita 2.5 mbali zonse, muipinde kamodzi kufika m'mphepete mwa zigamba, mupindenso kachiwiri kukwera pamwamba, mubaye mapini, musoke.

Koma m'mphepete ndi momwe chofunda chimayambira kutha, chifukwa ndi momwe mwana amagwira pokoka. Mpendero wapadera wa nsalu yopinda pawiri umakhalitsa, ndipo ukatha mumangousomola n'kuika wina. Dulani nsalu zitatu zonse zilingane. Dulani timizere 5 ta masentimita 6.5 m'lifupi, kudutsa m'lifupi mwa chitenje, mutilumikize kukhala chingwe chimodzi choposa mamita 4 ndi theka. Chipindeni pakati m'litali mwake, kumaso kuli kunja, musite. Yambirani pakati pa mbali imodzi, osati pa ngodya, mbali yosapinda ya chingwe italingana ndi mphepete ya chofunda chakumaso, ndipo siyani mchira wa masentimita 15 wosasoka. Mukatsala masentimita 0.75 kufika pa ngodya, imani, bwererani pang'ono, dulani ulusi. Pindani chingwe chiloze kumwamba kuti pakhale mzere wopingasa pa ngodyapo, kenako chitsitseni motsatira mbali yotsatira, muyambirenso kusoka kuchokera m'mphepete penipeni. Pa ngodya yoyamba mwina musomola kawiri, yachinayi manja adzakhala atadziwa okha. Mukazungulira n'kufika poyambira, pindani kunsonga kwa mchira uja, mulowetsemo mapeto a chingwe, musoke. Kenako tembenuzirani mpendero kunsi, muusoke pamanja ndi timisoko tobisika, tophimba msoko wa makina.

Pochapa, madzi akhale ozizira ndi sopo wochepa. Musachipotokole pofinya, misoko ingaduke. Chipanikizeni ndi manja m'beseni, muchiyanike pa zingwe ziwiri kuti kulemera kugawike, pamthunzi, popeza dzuwa la Okutobala kuno limafufutitsa zitenje msanga.

Chisanapite kwa mwini wake, dulani kansalu koyera, mulembepo ndi ulusi dzina lanu, dzina la amene mwamusokera, malo ndi chaka, mukasokerere kunsi pa ngodya imodzi. Ngati zigamba zina zinachokera ku malaya a agogo kapena chitenje chomwe chinabwera kuchokera kumudzi ku Dedza kapena ku Ntcheu, lembaninso zimenezo.